Vinyo Wofiira Wachilengedwe: Mbiri ya Chakumwa ndi Dzina Lake

Pa 9 Juni 1907 misewu ya mzinda wa Montpellier, kummwera kwa dziko la France, inadzaza ndi chinamtindi cha anthu oposa 500,000. Ambiri mwa iwo anali alimi a mphesa a m'chigawo cha Languedoc, pamodzi ndi akazi awo, ana awo ndi antchito awo aganyu. Mtengo wa vinyo unali utagwa kotero kuti mlimi sankapezanso ngakhale ndalama zimene analowetsa m'munda, ndipo mabanja ambiri anali atamira m'ngongole. Pa zikwangwani zina zimene anthuwa ananyamula panali mawu awiri a Chifalansa akuti vin naturel, ndiko kunena kuti vinyo wachilengedwe. M'chaka chomwecho, chakumpoto kwa mzinda wa Lyon, m'banja la ogulitsa vinyo la ku La Chapelle-de-Guinchay munabadwa mwana wamwamuna dzina lake Jules Chauvet, amene patapita zaka zoposa 70 anadzakhala mphunzitsi wa kagulu kena ka alimi kamene kanadzutsanso mawu omwewo. Magulu awiriwa ankatchula dzina limodzi, koma chimene gulu lililonse linkaloza ndi chala chinali china, ndipo mbiri ya vinyo wofiira wachilengedwe yagona pa kusiyana kumeneku.

Mkwiyo wa 1907 unali ndi mizu yake, ndipo mizuyo inali ya mpesa weniweni. Chakudza sichiimba ng'oma: cha m'ma 1863 mipesa ya m'dera la Gard inayamba kufota popanda chifukwa chooneka ndi maso, mpaka mu 1868 pamene katswiri wa zomera wa ku Montpellier, Jules-Émile Planchon, ndi anzake anapeza pa mizu ya mipesa yodwalayo tizilombo tating'onoting'ono tonga nsabwe. Tizilomboti, totchedwa phylloxera, tinali titabwera kuchokera ku America pa mbande za mpesa, ndipo m'zaka 30 zotsatira tinasakaza minda ya m'zigawo pafupifupi zonse za France. Anthu anayesa kuthira madzi osefukira m'minda ndi kubaya mankhwala m'nthaka, koma njira imene inathandiza inali yomezanitsa mpesa wa ku Ulaya pa tsinde la mpesa wa ku America, umene mizu yake imapirira tizilomboti. Ku Beaujolais, munthu amene analimbikira kuphunzitsa alimi njirayi anali Victor Pulliat wa ku Chiroubles. Kuyambira pamenepo pafupifupi mpesa uliwonse wa ku France umaima pa mizu yachilendo, mfundo imene olankhula za chilengedwe sakonda kuikumbukira.

Pa zaka zimene minda inali yakufa, ludzu la anthu silinafe. Amalonda anaitanitsa mphesa zouma kuchokera ku Greece ndi Turkey, nazinyika m'madzi, nagulitsa zotulukapozo ngati vinyo. Ena ankathira madzi ndi shuga pa makoko a mphesa zofinya kale kuti awirenso kachiwiri, ndipo utoto ukachepa ankauwonjezera ndi mankhwala. Mu 1889 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina la Griffe, lonena kuti dzina lakuti vinyo liziperekedwa kwa chakumwa chochokera ku mphesa zaziwisi zokha. Lamulo linalembedwa, koma chizolowezi chinatsala. Minda itadzalidwanso, makamaka m'zigwa zachonde za kummwera kumene mtundu wa mphesa wa Aramon unkabereka mopanda malire, vinyo anachuluka kuposa omwa. Wina ankabwera pa zombo kuchokera ku Algeria, ndipo mu 1903 boma linatsitsa msonkho wa shuga, zimene zinakomera alimi a beet a kumpoto ndi aliyense wofuna kuchulukitsa vinyo mwachinyengo. Kunena chilungamo, gwero lalikulu la kugwa kwa mtengo linali kuchuluka kwa vinyo weniweniyo. Komatu n'kovuta kuguba mumsewu potsutsana ndi munda wako womwe, pamene wachinyengo ndi mdani amene aliyense angathe kumutukwana.

Pa 11 Malichi 1907 alimi 87 a m'mudzi wa Argeliers, motsogozedwa ndi Marcelin Albert, anayenda wapansi kupita ku Narbonne kukadandaula kwa aphungu amene ankafufuza za vutoli. Kuchokera apo Lamlungu ndi Lamlungu kunkachitika msonkhano mumzinda wina, ku Béziers, ku Perpignan, ku Carcassonne, ku Nîmes, khamu likukulirakulira, mpaka tsiku lija la ku Montpellier. M'mawa mwake meya wa Narbonne, Ernest Ferroul, anatula pansi udindo, mameya mazanamazana namutsatira, ndipo anthu anakana kukhoma msonkho. Nduna yaikulu, Georges Clemenceau, inatumiza asilikali, amene pa 19 ndi 20 Juni anawombera anthu ku Narbonne ndi kupha angapo. Asilikali pafupifupi 500 a gulu la nambala 17, ambiri a iwo ana a m'dera lomwelo, anagalukira akuluakulu awo nachoka ku Agde kupita ku Béziers. Albert anapita yekha ku Paris kukaonana ndi Clemenceau, amene anamupatsa ma franc 100 oti akwerere sitima pobwerera, kenako n'kuulula nkhaniyo kwa atolankhani. Kwawo anthu anayamba kumuona ngati wogulidwa, ndipo anamwalira mu 1921 ali wosauka. Ngakhale zinali choncho, pa 29 Juni 1907 panatuluka lamulo loletsa kusungunula vinyo ndi madzi, lochepetsa kagwiritsidwe ntchito ka shuga, ndi lokakamiza mlimi aliyense kulengeza kuchuluka kwa zokolola zake.

Kwa anthu a 1907, tsono, vinyo wachilengedwe anali vinyo wochokera m'munda, wosiyana ndi wopangidwa m'nyumba zamalonda ndi madzi, shuga ndi utoto. Za sulufule, za yisiti kapena za mankhwala a m'munda panalibe mkangano. Funso linali lakuti: kodi m'botolomu muli mphesa? Funso la m'badwo wa Chauvet linali lina: kupatula mphesa, mulinso chiyani?

Dera la Beaujolais ndi kachigawo kakang'ono ka mapiri otsetsereka, kotalika makilomita pafupifupi 55, pakati pa Mâcon kumpoto ndi Lyon kummwera, chakumadzulo kwa mtsinje wa Saône. Kummwera kwake dothi ndi lamakande ndi laimu, ndipo vinyo wake amakhala wopepuka. Kumpoto nthaka ndi mwala wa granite umene unafumbutuka kwa zaka zosawerengeka n'kusanduka mchenga wofiirira, wosasunga madzi, wosauka kwambiri moti mlimi wa chimanga sangauyang'ane kawiri. Kumeneku n'kumene kuli madera 10 amene vinyo wake amagulitsidwa ndi dzina la dera lake, monga Fleurie, Brouilly, Moulin-à-Vent, Juliénas ndi Morgon. Ku Morgon kuli kaphiri kotchedwa Côte du Py, kamene mwala wake ndi wobiriwira modera, wochokera ku ziphalaphala zakalekale, ndipo vinyo wake amadziwika kuti ndi wolimba kuposa wa m'malo oyandikana nawo. Chilimwe cha kumeneko n'chotentha, nyengo yozizira n'njozizira zedi, ndipo adani aakulu a mlimi ndi awiri: chisanu cha mu Epulo, chimene chimawamba mphukira zongotuluka kumene monga chinachitira mu 2021, ndi matalala a m'chilimwe, amene amatha kuwononga ntchito ya chaka chathunthu pa mphindi zochepa.

Umphawi wa nthakayi ndiwo chuma chake, chifukwa cha khalidwe la mphesa zimene zimalimidwapo. Mtundu wa Gamay uli ndi khungu lakuda koma madzi oyera, kotero kuti kufiira konse kwa vinyo wake kumachokera ku khungu. Mpesa wa Gamay ukadzalidwa pa nthaka yachonde umabereka matsango ochuluka a madzi osakoma, koma ukakhala pa mchenga wa granite umabereka pang'ono ndipo kukoma kumaunjikana. Mu 1395 Philippe le Hardi, wolamulira wa Burgundy, analamula kuti Gamay azulidwe m'minda ya dziko lake pofuna kuteteza mbiri ya mphesa za Pinot. Nthano imene imakambidwa kwa alendo imati lamuloli ndilo linathamangitsira Gamay ku Beaujolais, koma alimi a ku Burgundy anapitiriza kumulima kwa zaka mazana ambiri, popeza mphesa zobereka kwambiri ndizo zimadyetsa banja. Mu 1999 ofufuza za DNA anasonyeza kuti Gamay anabadwa kuchokera ku Pinot yemweyo ndi mtundu wina wonyozeka wotchedwa Gouais blanc. Wolamulira uja ankapirikitsa mwana pofuna kuteteza kholo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ulimi wa ku France unasintha mofulumira. Fetereza wa m'matumba analowa m'malo mwa manyowa, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mankhwala ophera udzu analowa m'malo mwa khasu ndi pulawo. Munthu asafulumire kuweruza alimi a nthawi imeneyo. Ku Beaujolais mipesa inkadzalidwa mothinana, pafupifupi 10,000 pa hekitala, iliyonse itaima payokha ngati kachitsamba kopanda waya, pa malo otsetsereka amene thirakitala singadutse. Kupalira munda wotero ndi ntchito yothyola msana, ndipo mankhwala anabwera ngati chiwombolo. M'nyumba zopangira vinyo namonso munalowa zatsopano: yisiti ya m'mapaketi yosankhidwa ndi akatswiri, kutenthetsa mphesa kuti utoto utuluke msanga, kusefa, ndi kuthira shuga pofuna kuwonjezera mphamvu yoledzeretsa. Njira yomalizayi si yatsopano. Imatchedwa ndi dzina la Jean-Antoine Chaptal, katswiri wa sayansi amenenso anali nduna ya Napoleon, yemwe anailimbikitsa m'zolemba zake za mu 1801, ndipo malamulo amailola mpaka pa mlingo wina.

Pamwamba pa zonsezi panabwera malonda a Beaujolais nouveau, vinyo wamng'ono wogulitsidwa patangopita masabata ochepa chikololereni mphesa. Malamulo a mu 1951 anatsegula njira yake, ndipo kuyambira 1985 tsiku lomutulutsa linakhala Lachinayi lachitatu la mwezi wa Novembala. Amalonda monga Georges Duboeuf anasandutsa tsikuli kukhala chikondwerero cha dziko lonse lapansi, kuchokera ku London mpaka ku Tokyo. Ndalama zinalowa mwachangu, koma vinyo woti akhale atapsa pa tsiku loikika sangadikire kuti mphesa zichite zofuna zake. Yisiti ina yotchuka, yotchedwa 71B, inkapatsa vinyo fungo la nthochi, ndipo anthu ambiri kunja kwa France anakula akuganiza kuti limenelo ndilo fungo la Beaujolais. Chidwi chitazirala, mu 2002 vinyo wambiri wosagulika anachita kutumizidwa kotcheza kuti asanduke mowa wa m'mafakitale. Chaka chomwecho magazini ya Lyon Mag inasindikiza mawu a wolawa vinyo wina, François Mauss, amene anayerekeza vinyo wa m'derali ndi chonyansa chosatchulika pagulu. Mabungwe a alimi anasumira magaziniyo napambana mu 2003, koma mu 2005 khoti lalikulu linathetsa chigamulocho poteteza ufulu wolankhula. Mlanduwo unangofalitsa chitonzo chimene alimiwo ankafuna kuchikwirira.

Jules Chauvet anaona kumene zinthu zinkalowera kale kwambiri izi zisanachitike. Amene amamujambula ngati nkhalamba yodana ndi zamakono amamulakwira. Anaphunzira sayansi ya chemistry ku Lyon, ankalemberana makalata ndi Otto Warburg, katswiri wa ku Germany wolandira mphoto ya Nobel, ndipo moyo wake wonse anaugawa pakati pa malonda a banja lake ndi maikulosikopu. Anafufuza mitundu ya yisiti yopezeka m'minda ya ku Beaujolais, kusintha kwa asidi m'vinyo, ndi kalawidwe ka fungo. Maganizo ake anali akuti mphesa zakupsa bwino, zopanda matenda, zochokera m'munda wosathiridwa mankhwala ophera udzu, zimabwera ndi zonse zofunika kuti zisanduke vinyo, malinga ngati wopangayo ali waukhondo, akusunga kuzizira koyenera, ndipo akuyang'ana tsiku ndi tsiku zimene zikuchitika m'thanki. Ntchito yoteroyo imafuna chidziwitso chochuluka kuposa yothira mankhwala. Louis Pasteur, m'buku lake la mu 1866 lonena za vinyo, anasonyeza kuti tizilombo tosaoneka ndito timawononga vinyo. Chauvet anayenda m'njira yomweyo, kungoti iye ankafuna kudziwa tizilomboto bwino lomwe kuti athe kukhala nato.

Amene anatenga maphunzirowa n'kuwaika m'munda anali Marcel Lapierre wa ku Villié-Morgon, amene analandira minda ya banja lake mu 1973. Poyamba ankalima monga anaphunzirira kusukulu ya ulimi, koma atakumana ndi Chauvet chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anasiya mankhwala ophera udzu, anayamba kukolola mochedwa, nasiya shuga, yisiti yogula ndi kusefa, ndipo sulufule anamuchepetsa mpaka nthawi zina kumusiyiratu. Anzake atatu a m'dera lomwelo, Jean Foillard, Guy Breton ndi Jean-Paul Thévenet, anatsata njira yomweyo, ndipo Kermit Lynch, wogula vinyo wa ku Berkeley m'dziko la America, anawapatsa dzina lanthabwala lakuti gulu la anthu anayi, pobwereka dzina la andale anayi aja a ku China. Jacques Néauport, wothandizira wa Chauvet, anafalitsa njirazi m'zigawo zina, ndipo ku Jura, Pierre Overnoy anayamba kupanga vinyo wopanda sulufule m'zaka zomwezo. Chauvet anamwalira mu 1989 asanaone kukula kwa zimene anayambitsa. Lapierre anamwalira mu 2010, ndipo minda yake inatsala m'manja mwa ana ake.

Walira mvula walira matope. Mlimi amene wakana mankhwala ophera udzu wavomera pulawo, khasu, ndipo m'malo ena otsetsereka kwambiri wavomera hatchi kapena chingwe chokokera pulawo kumtunda. Wavomeranso zokolola zochepa. Matenda awiri a nguwi amene anabwera ku Ulaya kuchokera ku America m'zaka za m'ma 1800 sasankha munda, ndipo mlimi wachilengedwe amalimbana nawo ndi zida zakale: ufa wa sulufule, ndi msakanizo wa kopa ndi laimu umene Alexis Millardet anaufalitsa mu 1885. Apa pali chinthu chosakomera mbali imeneyi. Kopa saola. Amaunjikana m'nthaka chaka ndi chaka ndipo akachuluka amapha nyongolotsi ndi tamoyo tina, n'chifukwa chake kuyambira 2019 bungwe la European Union linaika malire a makilogalamu 28 pa hekitala pa zaka 7. M'chaka cha mvula yambiri mlimi amayenera kusankha pakati pa kupopera kawirikawiri ndi kutaya mbewu.

Kapangidwe ka vinyo wofiira ku Beaujolais kali ndi njira yakeyake. Mphesa zimathyoledwa ndi manja, zowola zimachotsedwa, ndipo matsango athunthu, osaphwanya, amaikidwa m'thanki. Kulemera kwa apamwamba kumaphwanya apansi, madzi amatuluka, yisiti imayamba kudya shuga, ndipo mpweya wa carbon dioxide umene imatulutsa umadzaza thanki n'kukankha okosijeni. Mphesa zapamwamba, zikadali zathunthu, zikasowa okosijeni zimayamba kusintha mkati mwa khungu lake popanda yisiti: zimapanga mowa pang'ono, pafupifupi magawo 2 pa 100, asidi wake wowawasa amachepa, utoto umalowa m'madzi, ndipo pamatuluka fungo la zipatso. Michel Flanzy anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1930. Otsatira Chauvet amayamba ndi mphesa zoziziritsa ndipo amazisiya masiku ambiri, milungu iwiri kapena itatu, asanafinye. Akafinya, madziwo amamaliza kuwira, kenako mabakiteriya amasandutsa asidi wakuthwa uja kukhala wofewa ngati wa m'chambiko, ndipo vinyo amagona miyezi ingapo m'migolo yakale ya thundu imene siperekanso fungo la mtengo.

Wofulula mowa wamasese angazindikire zambiri pamenepa. Iye amafuna chimera chifukwa ufa wa chimanga uyenera kusanduka shuga kaye, pamene mphesa imabwera ndi shuga wake kale. Koma pa nkhani ya yisiti onse awiri amadalira imene ili m'mbiya, pa zipangizo ndi pa mbewu. Pa khungu la mphesa pamakhala mitundu yambiri ya yisiti yofooka, imene imayambitsa kuwira kenako n'kufa mowa ukayamba kukula. Yisiti yamphamvu yotchedwa Saccharomyces cerevisiae imapezeka yochepa kwambiri pa mphesa zabwinobwino, koma ndiyo imamaliza ntchito. Kusinthana kumeneku n'kumene okonda vinyoyu amati kumabweretsa fungo losiyanasiyana, ndipo n'kumenenso kumatsegula khomo la ngozi.

Sulufule amagwira ntchito ziwiri m'vinyo: amaletsa tizilombo tosafunika ndipo amateteza vinyo ku okosijeni. Malamulo a European Union amalola mpaka mamiligalamu 150 pa lita m'vinyo wofiira wosatsekemera, ndi 100 m'vinyo wa mphesa zolimidwa popanda mankhwala a m'mafakitale. Yisiti nayo imatulutsa sulufule wake pang'ono, kotero kuti vinyo wopandiratu sulufule sapezeka kawirikawiri. Akachotsedwa, zolakwika zimene zingabuke n'zodziwika bwino. Pali kusasa kwa viniga. Pali yisiti yotchedwa Brettanomyces, imene imanunkhitsa vinyo ngati khola la ziweto. Ndipo pali vuto limene Afalansa amalitcha goût de souris, kukoma kwa mbewa, limene silimveka m'mphuno koma limatulukira kukhosi munthu atameza kale, ndipo anthu ena salimva n'komwe. Ogulitsa ena ayesa kuphunzitsa ogula kuti zolakwikazi ndi umboni wa moyo wa vinyo. Imeneyo ndi nkhambakamwa. Lapierre mwiniwake ankaika vinyo mmodzi yemweyo m'mabotolo a mitundu iwiri, ena opanda sulufule ndi ena othiridwa pang'ono, podziwa kuti botolo loyenda ulendo wautali m'malo otentha likufunika chitetezo. Nazonso zonena kuti vinyoyu sapweteketsa mutu zilibe umboni wolimba. Mowa umene uli mwa iye ndi womwewo umene uli mwa vinyo wina aliyense, ndipo chiwindi sichiwerenga zolembedwa pa botolo.

Vinyo wa ku Beaujolais anakulira pa magome a ku Lyon, ndipo zakudya zoyenerana naye ziyenera kufunidwa kumeneko. Amisiri owomba nsalu za silika a mumzindawu, otchedwa canuts, anali ndi chakudya cha m'mawa chotchedwa mâchon, cha nyama ya nkhumba ndi vinyo, chimene ankadya atagwira kale ntchito maola angapo. M'tinyumba todyeramo totchedwa bouchons, vinyo amabwera m'botolo lokhuthala pansi lolowa masentilita 46, ndipo pa mbale pamakhala masoseji, andouillette wopangidwa ndi matumbo, nthumbwana zokazinga zotchedwa tablier de sapeur, ndi tchizi chofewa cha Saint-Marcellin. Izi ndi zakudya za anthu ogwira ntchito, zamafuta ndi zamchere, ndipo kugwirizana kwake ndi Gamay kuli ndi chifukwa. Vinyo wofiira aliyense amakhala ndi chikakasi, chonga cha nthochi yosapsa, chochokera ku khungu, njere ndi timitengo ta tsango. Gamay ali ndi chikakasi chochepa koma asidi wokwanira, ndipo asidiyo amatsuka mafuta mkamwa kuti nthongo yotsatira ikome ngati yoyamba. Pa chifukwa chomwecho amayenda bwino ndi nkhuku yowotcha, bowa, nyemba zophika ndi nyama yankhumba, ngakhalenso nsomba yowamba, imene vinyo wa chikakasi chambiri amaisandutsa yomveka ngati chitsulo. Tsabola wambiri amakuza ukali wa mowa, choncho ndiwo zowawa zimafuna vinyo wopepuka kwambiri. Amamwedwa wozizirira, pa madigiri pafupifupi 14. Wa ku Morgon akasungidwa zaka zingapo amayamba kulemera n'kuyenerana ndi nyama yakutchire, ndipo anthu a kumeneko anapanga mneni kuchokera ku dzina la malowo: vinyo akafika pamenepo amati il morgonne, ngati kunena kuti wayamba kuchita za Chimorgon.

Kuchokera ku Beaujolais njirayi inafalikira ku Loire, ku Jura, ku Italy ndi ku Spain, kudzera m'malo omwera a ku Paris ndi ogula a ku Japan, amene anali m'gulu la oyamba kuukonda vinyoyu. Mu 2012 Isabelle Legeron anayambitsa chionetsero cha RAW ku London. Okonda vinyoyu anatembenukiranso ku Georgia, kumene ofukula zakale anapeza zizindikiro za vinyo m'mapale a mbiya a zaka za m'ma 6000 Yesu asanabadwe, ndipo kumene alimi ena sanasiye kuwiritsa mphesa m'mitsuko ikuluikulu yokwirira pansi, yotchedwa qvevri, imene bungwe la UNESCO linailemba m'kaundula wake mu 2013.

Pa zaka zonsezi dzinalo linalibe tanthauzo m'malamulo, ndipo aliyense ankatha kulinena. M'Chifalansa liwu lakuti naturel linali kale ndi ntchito ina yosokoneza: vin doux naturel, monga wa ku Banyuls ndi Maury, ndi vinyo wotsekemera amene amathiridwa mowa wotcheza kuti aleke kuwira, ndipo chachilengedwe mwa iye ndi shuga wa mphesa yekha. Mu 2019 alimi ena anakhazikitsa bungwe loteteza vinyo wachilengedwe, ndipo mu 2020 boma linavomera chizindikiro chawo, koma dzina limene linaloledwa linali vin méthode nature, lonena za njira yopangira. Zofunika zake ndi mphesa zolimidwa popanda mankhwala a m'mafakitale, zokololedwa ndi manja, yisiti ya pamalopo, osathira china chilichonse kupatula sulufule wochepa kumapeto, wosapitirira mamiligalamu 30 pa lita. M'Chichewa vutoli limaonekera poyera kuposa m'Chifalansa. Liwu lakuti vinyo ndi lobwereka ku Chipwitikizi, vinho, ndipo silivuta. Koma chilengedwe chimachokera ku mneni kulenga, ndipo chimanena za zimene munthu anazipeza zilipo kale, monga phiri, nyanja ndi nkhalango. Mpesa womezanitsa, wodulira chaka ndi chaka, umene madzi ake akanasiyidwa okha akanasanduka viniga, sukwanira bwino pansi pa liwu limenelo.

Chizindikiro cha 2020 chimalamula kuti mphesa zikololedwe ndi manja, koma sichinena kuti manjawo ndi a yani ndipo alipidwa zingati. Kummwera kwa Africa funso limeneli lili ndi mbiri yaitali. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa mu 1659, ndipo minda ya mphesa ya kumeneko inakula ndi thukuta la akapolo, ena mwa iwo ochokera ku Mozambique. Ukapolo utatha panatsala chizolowezi cha dop, cholipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo, chimene chinaletsedwa cha m'ma 1960 koma chinapitirira m'mafamu ena mpaka m'zaka za m'ma 1990. Mphesa zonsezo zinkakololedwa ndi manja.

Ku South Africa komweko, m'dera louma la Swartland, alimi achinyamata anayamba m'zaka za m'ma 2000 kufunafuna mipesa yakale yosathiriridwa ya Cinsault, Grenache ndi Chenin blanc, ndipo ena monga Craig Hawkins wa Testalonga anatsata njira yofanana ndi ya ophunzira a Chauvet. Vinyo wawo wosasefa, wooneka mwa mbuu, ankakanidwa nthawi zina ndi olawa a boma amene amavomereza vinyo wotumizidwa kunja, mpaka mu 2015 pamene panakhazikitsidwa magulu atsopano omulandira. Dzina lachilengedwe silikanatheka kuperekedwa kwa iye, chifukwa m'malamulo a dzikolo natural wine ankatanthauza vinyo wamba wosathiridwa mowa wotcheza, kuphatikizapo wa m'makatoni a malita 5 wogulitsidwa m'masitolo akuluakulu. Wofiira wa sulufule wochepa uja anaikidwa m'gulu lotchedwa alternative red.